Mutu 11: Galu Akadwala Chotupa cha mu Ubongo

Galu amatha kufika zaka 9 ali wamphamvu, akudya bwino, akulondera pakhomo usiku uliwonse, osadwalapo matenda odetsa nkhawa. Ndiye tsiku lina amangogwa mwadzidzidzi. Thupi lonse limauma gwa, miyendo imapalasa, kukamwa kumatuluka thovu, mkodzo umatayika wokha. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri amadzuka, koma akudzandira, osazindikira ngakhale mbuye wake. Apa pakhomo pamabuka mafunso. Kodi wadya tameki? Kapena akuba amuponyera nyama yapoizoni? Mwina ndi chiwewe? Mafunso onsewa ndi oyenera kufunsa. Komabe pali matenda ena amene ambirife sitiwaganizira pomwe ndi amodzi mwa amene amagwetsa kawirikawiri agalu okalamba. Matendawa ndi chotupa chomera mkati mwa chigaza.

Tinene poyera kuyambira pano kuti kawirikawiri chotupa chotere sichichizika. Koma kuchokera tsiku limene mwadziwa za matendawa kufikira tsiku lomaliza la galuyo, pali zambiri zimene zingachitidwe kuti asazunzike. Zambiri mwa izo sizichitikira kuchipatala ayi. Amazichita mwini galu, pakhomo pake, ndi manja ake.

Chimene chimachitika mkati mwa chigaza

Chotupa chimayamba pamene maselo ena a m'thupi ayamba kuchulukana mopanda malire. Chikamera pakhungu kapena pamimba chimapeza malo okulira, ndipo chimaoneka msanga. M'mutu zinthu n'zosiyana. Chigaza chili ngati mphika wodzaza kale ndipo wovundikiridwa zolimba. Chilichonse chimene chawonjezekamo chimapanikiza ubongo. Kuwonjezera apo, ubongo wozungulira chotupacho umatupa chifukwa cha madzi amene amadikha pamenepo. Nthawi zambiri kutupa kumeneku ndiko kumavutitsa galu kuposa chotupa chenichenicho, ndipo mwayi wake n'ngwakuti kumamva mankhwala.

Zotupa zimene zimayambira mu ubongo momwemo zilipo zamitundu ingapo. Chimene chimapezeka kwambiri ndi meningioma, chomwe chimamera pa kachikopa kopyapyala kokuta ubongo. Pa zotupa zoyambira m'mutu mwa agalu, pafupifupi theka ndi zamtundu umenewu. Chimakula pang'onopang'ono ndipo chimakonda agalu a mphuno zazitali monga Golden Retriever ndi German Shepherd. Chachiwiri ndi glioma, chimene chimamera mkatikati mwa ubongo n'kumayanga m'mbali mwake, moti n'chovuta kuchichotsa chonse. Ichi chimapezeka kwambiri mwa agalu a nkhope zophwatalala monga Boxer, Bulldog ndi Boston Terrier. Palinso chotupa cha kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, chimene chimasokoneza mahomoni a m'thupi moti galu amamwa madzi kosalekeza, mimba n'kukula, ubweya n'kumathothoka. Zotupa zina zimayambira kwina, monga m'mphuno, m'mawere kapena mu kapamba, n'kufalikira ku ubongo.

Agalu ambiri amene amapezeka ndi matendawa ndi opitirira zaka 5, ndipo ochuluka amakhala a zaka za m'ma 9. Nawonso agalu athu achikuda angathe kudwala. Palibe chakudya, kumenyedwa kapena kulakwitsa kwina kwa mwini galu kumene kumadziwika kuti kumayambitsa matendawa. Sapatsirana, ndipo sangachoke kwa galu kupita kwa munthu.

Zizindikiro zake

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wokalamba akayamba kuchita zachilendo, pamakhala chifukwa, ndipo si bwino kungoti ndi ukalamba basi.

Chizindikiro chimene chimaoneka kwambiri ndi kugwa ngati wakhunyu. Apa msinkhu wa galu umatiuza zambiri. Matenda a khunyu akumtundu amayamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 6. Galu amene wayamba kugwa atapitirira zaka zimenezi, madokotala a ziweto amakayikira kuti mu ubongo muli china chimene chavuta, ndipo chotupa chimakhala pamwamba pa zimene amaziganizira.

Zizindikiro zina zimadalira pamene chotupacho chamera. Chikakhala mbali ya kutsogolo kwa ubongo, kumene kumachokera nzeru ndi khalidwe, galu amasintha mtima. Wofatsa amayamba ukali, wansangala amangokhala ndwii. Amayenda mozungulirazungulira, kawirikawiri kulowera mbali imene kuli chotupacho. Amakanikiza mutu kukhoma n'kuima pomwepo nthawi yaitali. Amalowa pakona n'kulephera kubwerera. Amaiwala kumene amachitira chimbudzi. Ena amasiya kuona mbali imodzi, moti amadya chakudya cha mbali imodzi yokha ya mbale kapena kuwomba zitseko ndi phewa limodzimodzi.

Chikamera kumunsi, kumene ubongo umalumikizana ndi msana, galu amapendeketsa mutu, amadzandira, maso amagwedera okha, mbali ina ya nkhope imalefuka, ndipo kumeza kumavuta. Malo amenewa ndi oopsa chifukwa ndiko kumachokera mphamvu yoyendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Chikamera kunkhongo, mutu umanjenjemera makamaka akamafuna kudya, ndipo poyenda amaponya miyendo m'mwamba kuposa mmene ziyenera kukhalira.

Choyamba, tsimikizani kuti si chiwewe

Munthu wa ku London galu wake akasintha khalidwe saganizako za chiwewe, chifukwa matendawa anatha kalekale pakati pa agalu a ku Britain. Kwathu kuno sitingatero. Chiwewe chilipo m'Malawi, m'Zambia ndi m'Mozambique, ndipo nacho chimagwira ubongo. Ukali wadzidzidzi, dovu lambiri, kulephera kumeza, kudzandira ndi kufa ziwalo zimapezeka m'matenda onse awiriwa. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu mumzinda wa Blantyre kuyambira mu 2015, pofuna kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, chiwerengero chimene chimadula kufala kwa matendawa.

Kusiyana kwakukulu kuli pa liwiro. Galu wachiwewe akayamba kuonetsa zizindikiro sapitirira masiku 10 ali moyo. Wachotupa amadwala milungu ngakhale miyezi. Koma pa tsiku loyamba simungadziwe. Choncho ngati galuyo alibe chiphaso cha katemera, kapena analumidwapo ndi galu wosadziwika, mutsekereni pamalo payekha, ana asamuyandikire, ndipo itanani a vetenale. Musamupise dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwidwa ndi fupa. Wina akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Moyo wa munthu ndiwo uyenera kukhala patsogolo.

Palinso zina zimene zimafanana ndi chotupa. Poizoni monga tameki ndi mankhwala opopera mbewu amagwetsa galu mwadzidzidzi, ndipo amabwera ndi kusanza, kutsegula m'mimba ndi dovu losalekeza. Matenda a distemper amagwira kwambiri ana agalu osatemera. Matenda obwera ndi nkhupakupa, kuchepa kwa shuga m'magazi, kuwonongeka kwa chiwindi kapena impso, ngakhalenso mafinya a mkati mwa khutu, zonsezi zingachititse galu kugwa kapena kudzandira. Zambiri mwa izi zimachizika, n'chifukwa chake kuthamangira kwa dokotala kuli ndi phindu.

Kwa dokotala wa ziweto

Dokotala amayamba ndi kufunsa. Wagwa kangati? Kwa mphindi zingati? Anayamba liti kusintha? Analandira katemera? Mayankho anu ndi ofunika kwambiri chifukwa kawirikawiri galu sagwera pamaso pa dokotala. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani kanema pamene wagwa. Kanema wa mphindi imodzi amaonetsa zimene pakamwa sipangalongosole, ndipo mukhoza kumutumiza pa WhatsApp ngati dokotala ali kutali.

Kenako amamuyeza. Amamuyendetsa kuti aone kaponyedwe ka miyendo, amamuwunika m'maso ndi tochi, amapinda phazi lake kuti aone ngati alibweza msanga. Amatenganso magazi pofuna kuona shuga, chiwindi, impso ndi matenda a nkhupakupa. Kumene kuli zipangizo amajambula pachifuwa ndi m'mimba kuti aone ngati pali khansa imene yayambira kwina.

Chotupa chenichenicho chimaoneka pa makina a MRI, kapena pang'ono pa makina a CT, ndipo galu amayenera kugonekedwa ndi mankhwala kuti asagwedezeke. Mtundu wake umatsimikizika pokhapokha kachidutswa kake katayezedwa. Makina oterewa a ziweto amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za kumayiko monga South Africa, Britain ndi America, ndipo mtengo wake ndi wokwera zedi. Ambiri a ife sitidzawafikira. Izi sizitanthauza kuti palibe thandizo. Dokotala akaona msinkhu wa galu, zizindikiro zoloza mbali imodzi ya ubongo, magazi abwinobwino, komanso matenda akukula pang'onopang'ono, amatha kunena ndi chikhulupiriro ndithu kuti ndi chotupa n'kuyamba mankhwala. Ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli cha BSPCA, kuphatikizapo zipatala za madokotala oima paokha ndi maofesi a boma oona za ziweto m'maboma. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR nayonso tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto, monga imachitira University of Zambia ku Lusaka.

Njira zolimbana ndi chotupacho

Kumene zipangizo zilipo, njira ndi zitatu. Yoyamba ndi opaleshoni, imene imathandiza kwambiri pa meningioma yomera pamwamba, pafupi ndi chigaza. Yachiwiri ndi radiotherapy, pamene makina amalunjikitsa cheza champhamvu pa chotupacho kuti maselo ake afe. Kawirikawiri galu amapita maulendo 15 mpaka 20 m'milungu itatu kapena inayi, ndipo ulendo uliwonse amagonekedwa. Makina atsopano amatha ntchito yomweyo ulendo umodzi mpaka itatu. Agalu ambiri olandira thandizoli amakhala chaka kapena kupitirirapo. Yachitatu ndi mankhwala a khansa monga lomustine ndi hydroxyurea, koma mphamvu yake pa zotupa za m'mutu ndi yochepa, mwa zina chifukwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo imatchinga mankhwala ambiri kuti asalowemo.

Kafukufuku wa matendawa wathandizanso anthu. Glioma ya agalu imafanana kwambiri ndi ya anthu, ndipo imabwera yokha monga imachitira mwa ife. Mu 2008, ku University of Minnesota ku America, dokotala wa opaleshoni ya ziweto Elizabeth Pluhar ndi katswiri wofufuza John Ohlfest anathandiza galu wotchedwa Batman amene anali ndi glioma. Anachotsa chotupacho, kenako anamupatsa katemera wopangidwa kuchokera ku maselo a chotupa chomwecho kuti chitetezo cha m'thupi mwake chilimbane ndi zotsalira. Batman anakhala ndi moyo kupitirira chaka, ndipo ntchitoyi inatsegula njira yoti agalu ena ambiri athandizidwe pa sukuluyi, uku akatswiri akuphunzirapo zothandiza odwala aumunthu.

Komabe ngakhale m'mayiko olemera, eni agalu ambiri amasankha njira yachinayi, yongochepetsa ululu ndi zizindikiro. Ena ndalama zimawachepera, ena safuna kuti galu wokalamba azigonekedwa mobwerezabwereza. Pa kafukufuku amene John Rossmeisl ndi anzake a ku Virginia anafalitsa mu 2013, wokhudza agalu 51 othandizidwa mwa njira imeneyi, theka la agaluwo linapitirira masiku 69. Mwa amene chotupa chinali mbali ya kutsogolo kwa ubongo, theka linapitirira masiku 178, pomwe mwa amene chinali kumunsi kapena kunkhongo, theka linapitirira masiku 28 okha. Ziwerengerozi zikuonetsa kuti nthawi ndi yochepa. Munthu amene wasankha njirayi chifukwa ali ndi ana a sukulu ndi banja loti alidyetse asadziimbe mlandu. Si nkhanza kulephera kulipira makina amene ali kutsidya kwa nyanja. Nkhanza ndi kusiya galu akuzunzika pomwe mapiritsi otsika mtengo akanamuthandiza.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku

Mankhwala aakulu ndi amitundu iwiri. Woyamba ndi prednisolone, amene amaphwetsa kutupa kozungulira chotupa. Nthawi zambiri amagwira ntchito m'masiku owerengeka, moti galu amene anali ndwii amayambanso kugwedeza mchira ndi kuthamangira kugeti. Apa ambiri amaganiza kuti wachira n'kusiya mankhwala. Musatero. Chotupa chikadalipo, ndipo kusiya prednisolone mwadzidzidzi kukhoza kumudwalitsa kwambiri. Mankhwalawa amabweretsa ludzu, njala, kukodza pafupipafupi ndi kupuma mwawefuwefu. Musamumane madzi pofuna kuchepetsa mkodzo. M'malo mwake mutulutseni kawirikawiri, ngakhale usiku. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena masanzi a magazi, dziwitsani dokotala mwamsanga chifukwa mwina m'mimba mwachita zilonda.

Wachiwiri ndi woletsa kugwa. Wodziwika kwambiri ndi phenobarbital, amene wakhala akuthandiza anthu a khunyu kuyambira mu 1912. Galu amamwa kawiri patsiku, motalikirana maola 12. Milungu iwiri yoyambirira amaodzera ndi kudzandira, koma thupi limazolowera. Pakapita nthawi dokotala amayeza magazi kuti aone mmene chiwindi chilili. Ena amapatsidwa levetiracetam, womwa katatu patsiku, kapena potassium bromide. Galu amene akumwa bromide asamasinthidwe mlingo wa mchere m'chakudya, chifukwa mchere ukachuluka umatulutsa mankhwalawo m'thupi msanga.

Chinsinsi cha mankhwala oletsa kugwa ndi kusunga nthawi. Mukasankha 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, zikhale choncho tsiku lililonse. Pakhale munthu mmodzi woyang'anira ntchitoyi, ndipo azilemba pakalendala akangomwetsa, kuopa kuti galu angamwe kawiri kapena kudumphitsidwa. Gulani ena akale asanathe, chifukwa kudukiza phenobarbital kumayambitsa kugwa koopsa kuposa koyamba. Kuti ameze mosavuta, bisani piritsi m'kambamu ka nsima yopaka msuzi kapena m'kachidutswa ka nyama, ndipo muonetsetse kuti sanalavule.

Musamupatse mankhwala a anthu mwa nzeru zanu. Ibuprofen ndi diclofenac amaboola m'mimba ndi kuwononga impso za galu, makamaka akaphatikizana ndi prednisolone. Ngakhale Panado asaperekedwe dokotala asananene. Ngati pakhomo pali wachibale amene amamwa phenobarbital, mapiritsi ake ndi ake, asagawidwe. Mlingo wa galu umawerengedwa potengera kulemera kwake. Ndipo mankhwala onsewa asungidwe pamene ana sangafikire.

Galu akagwa

Kuona galu akuphupha kumachititsa mantha, koma pa nthawiyo iye sadziwa chimene chikuchitika. Ntchito yanu ndi kumuteteza kuti asavulale. Chotsani mipando, miyala ndi mbaula zimene zili pafupi. Ngati ali m'mphepete mwa khonde kapena pafupi ndi moto, mukokeni pang'onopang'ono pogwira miyendo yakumbuyo. Chotsani ana ndi agalu ena, chifukwa agalu anzake nthawi zina amaluma mnzawo amene wagwa. Zimitsani wailesi ndi magetsi owala kwambiri. Musamuike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa. Galu sameza lilime lake, ndipo nsagwada zake pa nthawiyi zikhoza kukuphwanyani chala iye osadziwa. Musamuthire madzi kapena mkaka m'kamwa, angatsamwe.

Yang'anani nthawi. Kugwa kwambiri kumatha pasanathe mphindi ziwiri, ngakhale kwa woonerera kumaoneka kwakutali. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwa kawiri kapena kuposerapo m'maola 24, ndi ngozi yofunika dokotala nthawi yomweyo, chifukwa thupi limatentha kwambiri ndipo ubongo umawonongeka. Panjira mufunditseni nsalu yonyowa pang'ono pamimba ndi kumapazi. Ngati mumakhala kutali ndi chipatala, funsani dokotala za diazepam wolowetsa kumbuyo kapena midazolam wothira m'mphuno, kuti akuphunzitseni kagwiritsidwe kake vuto lisanagwe.

Akadzuka amakhala wosokonezeka kwa mphindi zingapo mwinanso maola. Amayendayenda, amawomba zinthu, ena saona kwa kanthawi, ena amalusa. Musamukumbatire. Khalani chapatali pang'ono, mulankhuleni motsitsa mawu ndi kumutchula dzina. Akakhazikika mupatseni madzi, kenako chakudya chochepa. Pomaliza lembani m'kope tsiku, nthawi ndi kutalika kwa kugwako. Kope limeneli ndilo lidzauze dokotala ngati mankhwala akugwira ntchito kapena afunika kuwonjezera.

Kukonza pakhomo

Galu wodwala chotupa asiye ntchito yaulonda. Sangathenso kugona panja yekha usiku wonse. Mupezereni malo apansi, opanda masitepe, abata, amthunzi, kumene wina angamumve akagwa. Muyalireni chiguduli kapena bulangete lakale, ndipo pansi pake muike pulasitiki kuti mkodzo usalowerere. Ngati simenti ya m'nyumba ndi yoterera, yalani mphasa m'njira imene amadutsa. Vundikirani zitsime, maenje a zinyalala ndi zidebe za madzi. Tsekani geti, chifukwa galu wosokonezeka akatuluka sadziwa njira yobwerera, ndipo anthu akamuona akudzandira ndi thovu kukamwa adzamuyesa wachiwewe n'kumugenda.

Makomo ambiri amamanga agalu pa tcheni masana. Galu wodwala matendawa asamangidwe m'khosi. Akagwa ali pa tcheni akhoza kudzipotokola, komanso chilichonse chofinya khosi chimatchinga magazi otsika kuchokera kumutu n'kuwonjezera kupanikizika kwa ubongo. Poyenda naye gwiritsani ntchito lamba wodutsa pachifuwa. Miyendo yakumbuyo ikafooka, chitenje chakale chodutsitsa pansi pa mimba chimathandiza kumunyamulira popita kokachita chimbudzi. Kuyenda pang'ono m'mawa kapena madzulo n'kwabwino malinga ngati iye akufuna. Dzuwa la mu Okutobala limupeze ali pamthunzi ndi madzi pambali. Nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano, makombola akamaphulika, mulowetseni m'nyumba.

Ngati maso ake afooka, musamasinthesinthe malo a katundu. Mbale ya chakudya ndi ya madzi zikhale pomwe anazizolowera. Mulankhuleni musanamukhudze kuti asadzidzimuke, ndipo ana aphunzitsidwe kuti asamudzutse ali m'tulo kapena kumugwira kumutu. Akayipitsa m'nyumba musamukalipire kapena kumumenya. Si mwano, ndi matenda.

Chakudya chikhale chofewa komanso chopatsa thanzi. Phala kapena nsima yofewa yosakaniza ndi bonya, mazira ophika, nyama kapena chiwindi pang'ono, ndi dzungu, ndi yokwanira. Prednisolone amafwetsa minofu, choncho nsima yokha siyokwanira. Pewani anyezi, adyo, chokoleti, mphesa ndi mafupa ophika. Mupatseni pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku. Ngati kuwerama kukumuvuta, kwezani mbale poiika pa njerwa. Galu amene akutsokomola pakudya kapena kupuma movutikira atatha kudya aonedwe ndi dokotala, chifukwa chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo. Amene wayamba kugona malo amodzi muzimutembenuza pakapita maola angapo, kumupukuta ndi kumuumitsa, kuti asachite zilonda zimene ntchentche zingaikiremo mphutsi.

Kuwerenga masiku abwino ndi oipa

Munthu amene amakhala ndi galu tsiku ndi tsiku savomereza msanga kuti zinthu zikuipa. Pofuna kuthandiza pa vutoli, mu 2004 dokotala wa khansa ya ziweto wa ku America, Alice Villalobos, anakonza muyezo wa zinthu 7 zoti mwini chiweto aziziona. Zinthuzo ndi ululu pamodzi ndi kapumidwe, kudya, kumwa, ukhondo, chisangalalo, kuyenda, komanso ngati masiku abwino akuchuluka kuposa oipa. Chilichonse chimapatsidwa malikisi ofika 10, ndipo zonse pamodzi zikapitirira 35, moyo wa chiwetocho umaonedwa kuti ukadali wopiririka.

Ngakhale popanda malikisi, njira yosavuta ilipo. Madzulo aliwonse ikani chizindikiro pakalendala, chosonyeza ngati tsikulo linali labwino kapena loipa. Ganiziraninso zinthu zitatu zimene galu wanu ankazikonda ali bwino, kaya kukuchingamirani pageti, kuothera dzuwa pakhonde, kapena kutsatira ana kudimba. Zikayamba kutha chimodzichimodzi, ndiye kuti matenda afika patali. Kumbukirani kuti galu wopweteka mutu salira nthawi zonse. Amabisala, amatsinzina, amaweramitsa khosi, amakana kugwidwa kumutu, kapena amayendayenda usiku wonse osagona.

Tsiku lomaliza

Idzafika nthawi imene mankhwala sadzagwiranso ntchito. Galu adzagwa mobwerezabwereza ngakhale akumwa mapiritsi, adzaleka kudya ndi kumwa, adzalephera kuima, kapena sadzazindikiranso anthu a pakhomo. Ena amalusa mpaka kukhala chiopsezo kwa ana. Imfa yobwera yokha pa matendawa kawirikawiri siikhala yabata, chifukwa imabwera ndi kugwa kosalekeza kapena kubanika. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti banja likambirane pasadakhale malire amene silidzalola kuti galu awapitirire, ndipo lidziwe kumene lidzapeze dokotala ngakhale Lamlungu.

Dokotala ali ndi jakisoni womupumitsa galu mopanda ululu. Ambiri amayamba ndi mankhwala ogonetsa, kenako amabaya pentobarbital mumtsempha. Galu amagona tulo tatikulu, kupuma kumaleka, ndipo m'mphindi zochepa mtima umaima. Mukhoza kukhala naye pambali mpaka pomaliza. Kumutaya kutchire, kumupachika, kumumenya kapena kumupatsa tameki ndi njira zankhanza zimene siziyenera kuchitikira nyama iliyonse. Mukamuika, dzenje likhale lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, kutali ndi chitsime, ndipo pamwamba muikepo miyala, chifukwa mankhwala otsala m'thupi mwake akhoza kupha agalu ena ndi nyama zimene zingamufukule.

Ana auzidwe zoona mogwirizana ndi msinkhu wawo. Musawanamize kuti galu wasochera, chifukwa adzakhala akumudikira. Ndipo wina akakunenani kuti mukudandaula chiyani poti ndi galu chabe, musachite manyazi. Nyama imene yakhala nanu zaka 10, yakuchenjezani za akuba, yakula pamodzi ndi ana anu, n'zosadabwitsa kuti mtima ukuwawa.

Inu amene muli ndi galu, mutemereni chiwewe chaka chilichonse ndipo musunge chiphaso chake, kuti tsiku lina akadzadwala matenda a mu ubongo mudzathe kumusamalira popanda kuika banja lanu pangozi. Akayamba kugwa kapena kusintha khalidwe atakalamba, musadikire kuti muone kaye. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto msanga, mumwetseni mankhwala pa nthawi yake, ndipo kuzunzika kukaposa masiku abwino, mulimbe mtima n'kumupumitsa mwachifundo.